Khansa ya kunja kwa maliseche a amayi

Khansa imene amayi ambiri a m'midzi anaimvapo ndi ya khomo la chiberekero, koma ilipo inanso, yosowa poyerekeza ndi imeneyo, imene imagwira khungu la kunja kwa maliseche, makamaka milomo yozungulira njira ya abambo. Mwa amayi a msinkhu wobereka, nthendayi kawirikawiri imayamba ndi kachilombo ka HPV, kofala pogonana, komwe kamakhazikika mosavuta m'thupi limene chitetezo chake chafooka ndi HIV. Mwa agogo amene anasiya kusamba, imamera pa khungu limene lakhala likuyabwa kwa zaka, lotuwa, lopyapyala ndi lamakwinya ngati pepala limene linanyowa n'kuuma.

Chimene chimachedwetsa odwala ambiri ndi dzina limene zizindikiro zake zimapatsidwa kumudzi. Kuyabwa kosatha, kachotupa kolimba konga njerewere, kapena chilonda chosapola chimene chimasiya timadontho ta magazi pa kabudula wam'kati, zonsezi amangoti ndi mauka, ndipo mayi amapita nazo kwa mayi wachikulire amene amadula ndi lezala n'kupakapo zitsamba. Lezala limangochotsa za pamwamba, pamene nthendayo ikuyenda pansi pa khungu mpaka m'mphechepeche, momwe mumatuluka mwanabele wolimba wosaphwa. Si chilonda chilichonse chimene chili khansa, pakuti chindoko ndi mabomu nazonso zimatulutsa zilonda, koma chilonda chimene chakana mankhwala a kuchipatala kwa mwezi wathunthu chiyenera kubwezedwa komweko kuti chikaonedwenso.

Kuyezetsa kwa viniga, kumene amayi anazolowera, kumafufuza khomo la chiberekero, choncho mayi asaganize kuti popeza anamuuza kuti ali bwino ndiye kuti kuyabwa kwa kunja kwayankhidwa. Ayenera kutchula yekha vutolo kwa namwino, ngakhale pakamwa palemere. Chotsimikizira ndi kachidutswa ka khungu, kochepa ngati njere ya mpunga, kamene dokotala amadula atabaya jakisoni woletsa ululu, n'kukatumiza kokaunika. Ikapezeka isanafalikire, khansayi imachotsedwa ndi opaleshoni ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo ambiri amachira.

Katemera wa HPV, amene boma la Malawi linayamba kubaya atsikana a zaka 9 m'chaka cha 2019, amatchinga mitundu ya kachilomboka yotchedwa 16 ndi 18, ndipo mtundu wa 16 ndi umene umapezeka kwambiri m'khansa imeneyi.