TINGASANKHE BWANJI WOTICHAPIRA KAPETI?

Pa tsiku lokumbukira zaka za bungwe lathu timapatula nthawi yophunzitsana za pakhomo, monga ankachitira amai amene adatitsogolera, aja adatiphunzitsa kusoka, kuphika ndi kusamala ana. Chaka chino tapemphedwa kulankhula za kapeti, makamaka za munthu amene tingampatse kuti atichapire.

Ife a ku Dedza sitiyala kapeti chifukwa cha kukongola kokha ai. Tauni yathu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo phiri la Dedza limafika mamita pafupifupi 2,200. M'miyezi ya June ndi July simenti ya m'nyumba imazizira kwambiri, ndipo mwana wokwawa ndi agogo a miyendo yowawa ndiwo amayamba kumva. N'chifukwa chake m'nyumba zambiri mwalowa makapeti: ena ogula m'masitolo a ku Lilongwe, ena a pakaunjika, ena otitumizira ana athu a ku Johannesburg, enanso oluka pamanja, monga aja a ku fakitale ya ku Bangwe imene bungwe la MACOHA lidakhazikitsa kuti anthu aulumali azigwirako ntchito.

Mphasa kapena mkeka timangotulutsa, kuukuntha ndi kuuyanika, basi watha. Kapeti siitero. Mchenga umalowa mpaka pansi pa ulusi ndi kumaudula pang'onopang'ono pamene tikuponda. Phala, tiyi ndi mkodzo wa khanda zimalowerera m'kati. M'fumbi limenelo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timautsa chifuwa cha mphumu ndi chimfine. Tsono kapeti iyenera kuchapidwa, mwina kamodzi pa chaka. Koma ikanyowa imalemera koti mai mmodzi sangaifinye, ndipo mpamene timafuna wotithandiza.

Otithandiza alipo a mitundu itatu. Pali anyamata a ganyu amene amachapa ndi burashi ndi sopo waufa. Pali a kumalo otsukira galimoto, amene amaiyala pa simenti ndi kuipopera madzi amphamvu. Palinso makampani a m'mizinda, monga ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 85 pa msewu wa M1, amene ali ndi makina othira madzi ndi kuwayamwanso. Sitinena kuti awa ndiwo abwino, awo ndi oipa. Wabwino ndi amene akudziwa chimene kapeti yanu idapangidwira, ndiponso ali ndi njira yoiumitsira msanga.

Choyamba, tsono, ife eni tidziwe katundu wathu. Tembenuzani kapeti, muone ngati kuseri kuli kansalu kolembedwa. Yambiri ya m'masitolo ndi ya ulusi wa pulasitiki. Imeneyi siopa madzi, koma imasungunuka ndi moto, motero isayandikire mbaula kapena simbi. Ya ubweya wa nkhosa njofunda ndi yokhalitsa, koma madzi otentha amaifupikitsa, sopo waukali amaiumitsa gwa, ndipo Jik amadya ubweyawo. Ya thonje imachapika, koma utoto wake ukhoza kusuluka ndi kulowa m'malo oyera. Ya khonje siifuna kuviikidwa konse, pakuti imachita mawanga akuda ndi kukhwinyata. Imeneyi njokuntha ndi kupukuta ndi kansalu konyowa pang'ono.

Chachiwiri, tifunse mafunso osachita manyazi. Akulu adati safunsa adadya phula. Mfunseni wochapayo kuti, "Kodi bambo, kapeti imeneyi ndi ya ulusi wanji?" Akayankha kuti makapeti onse ndi amodzi, pindani yanu mubwerere nayo. Mfunseni ngati amayamba wakuntha fumbi, chifukwa kuthira madzi pa kapeti yosakuntha ndiko kuponda matope m'kati mwake. Mfunseni sopo amene agwiritse ntchito, ndipo akuonetseni paketi kapena botolo lake. Mpempheni ayese utoto inu mukuona: anyowetse kansalu koyera, akadinikize pa ngodya kwa kanthawi. Kansaluko kakatenga mtundu, ndiye kuti kapetiyo siyenera kuviikidwa. Mfunseninso kuti amatsukuluza kangati. Thovu lambiri limasangalatsa maso, koma sopo wotsalira m'ulusi amamata ndi kukoka fumbi, ndipo pakangopita masabata ochepa kapeti imada kuposa kale.

Chachitatu ndicho chachikulu koposa kwa ife a kumapiri kuno: kuumitsa. Makapeti ambiri saonongeka pochapa, amaonongeka poyanika. Chinthu chonyowa chikakhala tsiku limodzi kapena awiri osauma, chuku chimayamba kumera. Kuno kwathu nkhungu imatha kuphimba phiri m'mawa wonse, mame ndi kugwa usiku, ndipo kapeti yoyalidwa pa udzu kapena pa simenti imauma pamwamba pokha, kunsi kuli chinyezi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tikaiyala m'nyumba motero, fungo limabuka, guluu wa kuseri amamatuka, ndipo ana amene amasewera pomwepo ndiwo amapuma chukucho.

Motero musanapereke kapeti, pitani mukaone ndi maso anu pamene amayanika. Pakhale mtengo kapena chitsulo chopachikapo, kuti mphepo izipita mbali zonse ziwiri. Pakhalenso denga lobisapo usiku ndi pa nthawi ya mvula. Funsani ngati amayamba wachotsa madzi ndi makina kapena ndi chokokolera asanayanike. Kapeti ya mitundu yowala aiyanike chotembenuza kapena pamthunzi wopita mphepo, chifukwa dzuwa lamphamvu limasulutsa utoto. Pobwera nayo, musangoisisita pamwamba. Lowetsani zala mpaka pansi pa ulusi, gwirani kuseri, ndipo inunkhizeni. Ikamveka yozizira m'manja kapena ya fungo la chinyontho, ibwerere.

Tisankhenso nyengo. Kuyambira November mpaka April ndi dzinja, ndipo June ndi July ndi miyezi ya chisanu ndi nkhungu. Nthawi yabwino ndi September ndi October, pamene dzuwa latentha ndipo mphepo njouma. Ambiri a ife timakumbukira kapeti m'December, alendo a Khirisimasi atatsala pang'ono kufika, mvula ili mkati. Pamenepo wochapa amafulumira, ife timafulumira, ndipo kapeti imalowa m'nyumba yosauma.

Chachinai, pangano likhale lomveka ntchito isanayambe. Yezani kapeti m'litali ndi m'lifupi, ngakhale ndi chingwe, ndipo mulembe. Ijambuleni ndi foni mbali zonse ziwiri, ndipo muonetsane ndi wochapayo pamene pali banga kapena pong'ambika. Gwirizanani mtengo wonse, tsiku lobweza, amene alipire thiransipoti, ndi chimene adzachite kapeti ikaonongeka kapena kusowa. Musapereke ndalama zonse poyamba. Landirani lisiti, mukalipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, musafufute uthengawo, chifukwa ndiwo umboni wanu. M'dziko muno muli lamulo loteteza ogula la chaka cha 2003, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a anthu ogula katundu kapena olipira ntchito. Koma wopanda lisiti amavutika kuyamba mlandu.

Pali kanthu kenanso kamene sitiyenera kuiwala. Funsani kumene madzi ochapirawo amapita. Mtsinje wa Linthipe umayambira m'boma lathu lino ndi kukathira m'nyanja ya Malawi cha ku Salima, ndipo m'njira monsemo amai anzathu amatunga ndi kuthirira madimba. Wochapa amene amataya madzi a sopo ndi mankhwala m'khwawa akutiyeretsera nyumba podetsa madzi a anzathu. Madzi otere alowe m'dzenje, kutali ndi chitsime.

Nanga za mtengo? Wotchipa koposa si ndiye wotipulumutsira ndalama, ngati kapeti imene mwana wathu adaivutikira ku Joni ithera m'khola la nkhuku. Koma mutu umodzi susenza denga. Amai asanu kapena khumi a dera limodzi akhoza kusonkhanitsa makapeti ao, kuitana wochapa mmodzi tsiku limodzi, kugawana za thiransipoti ndi kunenerera mtengo pamodzi. Tiziuzananso za amene wagwira ntchito yabwino, makamaka achinyamata a kwathu konkuno amene ayamba ntchitoyi mokhulupirika. Tikawauza zimene tikufuna, iwonso amaphunzira.

Pomaliza, zina zili m'manja mwathu tsiku ndi tsiku. Nsapato zitsale pakhomo. Kapeti ikunthidwe panja sabata iliyonse. Tiyi akatayika, dinikizani ndi nsalu youma nthawi yomweyo, osakhula ai, pakuti kukhula kumalowetsa banga m'kati. Ya ubweya musaisunge yakuda m'chipinda chamdima, njenjete zingaidye.

Tsono amai, pobwerera kwathu madzulo ano, aliyense atembenuze kapeti yake aone kuseri, ndipo alembe mwezi wa September pa kalendala.