KUSANKHA COPIMIRA MTUNDA CA MLENJE

Nkhani iyi inalankhulidwa pa wailesi m'nthawi ya Cinyanja, ndipo taisindikiza kuti amene anali ku nchito ya usiku aiwerenge.

Madzulo ano ndifuna kuceza nanu za cipangizo cina cacing'ono cimene alenje ambiri anyamula m'thumba masiku ano, copimira kutalika kwa mtunda pakati pa munthu ndi nyama. Angerezi acicha laser rangefinder. Ife tidzangoti copimira mtunda. Mau akuti laser musawasokoneze ndi lezala lometera ndebvu, kapena ndi Leza uja wa uta wa Leza. Laser ndi mtundu wa kuunika kumene kuyenda mowongoka ngati cingwe cokokedwa, osamwazika monga kuunika kwa nyali.

Ndiyambe ndi manyazi anga. Caka cina pa chuti ndinapita kukasaka m'cigwa ca Luangwa, m'dera lololedwa, laisensi iri m'thumba. Unali mwezi wa September, udzu utapsya kale. Patsidya pa dambo tinaona nswala yamphongo itaima cam'mbali. Ndinati mumtima, “Apa ndi mamita 150,” ndipo ndinalunjika paphewa ndi kuombera. Nyama inalumpha, nithawa ndi miyendo itatu. Tinalondola mwazi kufikira dzuwa linalowa, ndipo m'mawa mwace tinapeza nyanga ndi ziboda zokha. Afisi anali atatsiriza zonse. Pobwerera ndinapima dambo lija ndi mapazi, ndipo ndinapeza kuti unali mtunda wa mamita ngati 260. Mkulu amene analikutilondolera mapazi a nyama anangoti, “Mfuti iribe mlandu, bambo, diso ndilo lakunamizani.” Ndalama za laisensi zinapita, ana sanalawe ndiwo, koma cimene cinandiwawa koposa ndico cakuti nyama ija inagona usiku wonse ndi mwendo wothyoka cifukwa ca ine.

Cifukwa cace mtunda uli kanthu

Cipolopolo siciyenda mowongoka iai. Cikangoturuka m'mfuti dziko liyamba kucikokera pansi monga licitira ndi mwala woponyedwa, ndipo cikamka kutali kugwa kwace kukulirakulira. Titenge mfuti yodziwika ya .30-06 ndi cipolopolo ca magireni 180, yokonzedwa kuti ilase pakati peni peni pa mamita 100. Pa mamita 200 cipolopolo cidzagwera pansi pa malo amene mwalunjika ndi masentimita ngati 13. Pa mamita 300 cidzatsika kupyola masentimita 40. Tsono malo a mtima ndi mapapu a nswala sapambana mbale yaing'ono yodyeramo ndiwo. Mukalakwa mtunda pafupi, palibe kanthu kweni kweni. Mukalakwa kutali, mwathyola mwendo. Kamfuti ka .22 ndiko kagwa msanga koposa: kokonzedwa pa mamita 50, pa mamita 100 katsika masentimita 15 kapena 20.

Ndipo diso linamizidwa mosabvuta. Pa dambo loyera, kapena pa zidikha za Kafue pamene palibe mtengo woyerekezera, cakutali cioneka ngati ciri pafupi. Patsidya pa madzi kapena pa cigwembe ndi cimodzimodzi. M'mwezi wa October, nthaka ikatentha, mpweya ugwedezeka ndipo nyama ioneka ngati irikusambira. Apa ndipo copimira mtunda cithandiza.

Magwiridwe ace a nchito

Nonse mudziwa kuti munthu akapfuula pafupi ndi phiri mau ace abwerera, ndipo phiri likakhala kutali mauwo acedwa kubwera. Copimira cicita comweco, koma ndi kuunika. Mukasindikiza batani, citumiza kuunika kosaoneka ndi maso, kuunikako kugunda nyama ndi kubwerera, ndipo kawochi ka m'kati kawerenga nthawi ya ulendowo. Kuunika kuthamanga pafupifupi makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Cotero nyama ikakhala pa mamita 150, ulendo wopita ndi kubwera ndi mamita 300, ndipo utha m'gawo limodzi la magawo miliyoni a sekondi. Nambala ioneka m'galasi musanaphethire.

Laser yoyamba anaipanga Theodore Maiman ku California m'caka ca 1960. M'caka ca 1969 anthu a Apollo 11 anasiya kalirole pa mwezi, ndipo ndi njira yomweyi akatswiri apima mtunda wa kumwezi, makilomita ngati 384,000. Kuunika kupita ndi kubwera m'masekondi awiri ndi theka. Inu a m'migodi mwaona masaveya alikupima njira za pansi ndi makina a mtundu womwewu. Kwa alenje zipangizozi zinayamba kufika m'zaka za m'ma 1990. Kampani ya Leica inaturutsa magalasi oonera kutali okhala ndi copimira m'kati m'caka ca 1992. Lero m'masitolo muli mitundu yambiri, ndipo bvuto latsala pa kusankha.

Nambala ya pa bokosi

Coyamba, cenjerani ndi nambala yaikuru yolembedwa pa bokosi. Akuru anati, cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Bokosi likati mamita 1,000, mtunda umenewo anaupima pa cinthu cacikuru conyezimira, monga cikwangwani ca pa mseu, cimene cibweza kuunika kwambiri. Mtengo ubweza pang'ono, ndipo ubweya wa nyama ubweza pang'ono koposa, makamaka cikopa cakuda ca njati. Kawirikawiri pa nyama copimiraco cifika theka lokha la nambala ija, mwina osafikanso. Opanga oona mtima alemba manambala atatu m'kabuku: wa cinthu conyezimira, wa mtengo, ndi wa nyama. Wanu ndi wacitatuwo. Dzifunseni kuti, “Kodi ine ndikhoza kulasa mbale pa mtunda wotani, kasanu m'kasanu?” Ngati yankho liri mamita 200, funani copimira cimene cigwira nyama bwino pa mamita 400 kapena 500, kuti cisakukaneni pa tsiku loipa. Pakuti dzuwa la masana, nkhungu ya m'mawa, mvula, pfumbi ndi utsi wa lupsa, zonsezi zifupikitsa mtunda umene cikhoza kupima. Kulipira ndalama zambiri cifukwa ca makilomita awiri amene simudzaomberapo ndiko kugula njinga ya mpikisano kuti muzipitira ku cigayo.

Udzu wa patsogolo ndi mtengo wa kumbuyo

Caciwiri ndico cimene ambiri sacifunsa. Kuunika kwa laser, ngakhale kuli kowongoka, kutambasuka pang'ono pamene kumka kutali. Opanga alemba kutambasukako ndi muyeso wochedwa mrad: 1 mrad ndiko kuti pa mamita 1,000 kuunika kwatambasuka mita imodzi. Copimira ca 1.5 mrad, pa mamita 300, ciwalitsa malo otambasuka masentimita 45. Ca 3 mrad ciwalitsa masentimita 90, ndiko kuposa cifuwa ca nswala. Pamenepo kuunika kwina kugunda nyama, kwina kugunda nthambi ya patsogolo, kwina culu ca kumbuyo, ndipo copimira ciyenera kusankha cimene cikuuzeni. Nambala ya mrad ikacepa, ndiko bwino.

Cifukwa ca ici zopimira zabwino ziri ndi njira ziwiri. Ina ichula cinthu coyamba cimene kuunika kwagunda; iyi ithandiza pamene nyama yaima poyera ndipo nkhalango iri kumbuyo kwace. Ina ichula cinthu cotsiriza. Iyi ndiyo ya m'chire lathu la miombo ndi mitsanya, pamene udzu ndi timitengo ziri pakati pa inu ndi nyama. Mlenje asagule cosowa njira yaciwiriyi. Funaninso cimene cipitiriza kupima pamene mwagwiritsa batani, kuti muyendetse pang'ono pang'ono kucokera ku citsamba kufika pa nyama ndi kuona nambala irikusintha.

Pano ndikucenjezeni za zinthu ziwiri zofanana naco. Amene munagwirako nchito yonyamula zibonga pa bwalo la golf ku Nkana kapena ku Nchanga mudziwa zopimira za osewera. Zambiri mwa izo anazipanga kuti zigwire kambendera, ndico cinthu ca pafupi, ndipo m'chire zidzakuuzani za udzu. Cina ndico ca amisiri omanga nyumba, ca kadontho kofiira: cipima bwino zipinda, koma panja pa dzuwa kadonthoko kasowa, ndipo ciribe galasi lokuza nyama.

Galasi, phiri ndi batire

Cacitatu ndi galasi. Zopimira za diso limodzi zikuza cinthu kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi kawiri, ndipo alemba 6x kapena 7x. Izi zikwanira, cokuza kwambiri cinjenjemera m'dzanja. Ziriponso zomangidwa m'magalasi a maso awiri, monga 8x42 kapena 10x42, zimene zicotsa bvuto lonyamula zinthu ziwiri, koma mtengo wace ndi waukuru. Yang'anani manambala a m'kati. Akuda aoneka bwino masana, koma asowa pa cikopa cakuda ndi m'cisisira, ndiyo nthawi imene nyama zituruka kukadya. Ofiira aoneka bwino madzulo, koma pakhale pocepetsera kuwala kwace, kuti asakuphimbeni maso.

Cacinai ndi ca inu osaka m'mapiri, monga m'mbali mwa phiri la Muchinga. Poombera cokwera kapena cotsika, cipolopolo cigwa monga mwa mtunda wa cam'mbali, osati wa cingwe ca diso. Nyama ikakhala pa mamita 300 pansi pa phiri lopendekeka madigiri 30, mtunda wa cam'mbali ndi mamita 260 okha. Wosadziwa adzakweza mfuti kopyola, ndipo cipolopolo cidzapita pamwamba pa msana. Zopimira zambiri tsopano ziwerenga zimenezi zokha; onani kuti canu citero. Zina zilumikizana ndi foni ndi kuuza munthu pokwezera galasi la pamfuti. Izi ndi za olasa candamale pa mitunda yaitali. Mlenje wa ndiwo angozilemba m'kapepala ndi kumata pa cipini ca mfuti.

Cacisanu ndi tinthu tating'ono timene tiwononga ulendo. Copimira cikhoza kuwerenga mayadi kapena mamita, ndipo izi siziri zofanana: mayadi 100 ndi mamita 91, mayadi 300 ndi mamita 274. Cikonzeni kuti cilankhule muyeso womwewo umene munakonzera mfuti. Zambiri zidya kabatire kochedwa CR2, ka mavoti 3, kamene simudzakapeza m'kantini ya kumudzi. Gulani kena kapadera musanakwere basi. Za madzi, cizindikiro IPX4 ndiko kuti cipirira mvula yowaza, ndipo IPX7 ndiko kuti cipirira kumira m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. Onaninso mau akuti Class 1, osonyeza kuti kuunika kwace sikupweteka maso. Komabe musaseweretse poloza nkhope za anthu.

Ciyeseni musanalipire

Safunsa anadya phula. Pemphani mwini sitolo kuti muturuke naco pakhomo. Musapime khoma loyera lokha; pimani cinthu cakuda, mtengo, mbuzi kapena galu ali kutali. Pimani cinthu cimodzi kasanu, ndipo manambala asasiyane kopambana mita imodzi. Ngati mugula kwa mnzanu cogwiritsidwa kale, pitani naco ku bwalo la mpira: kucokera pa malo omenyera penati kufika pa mzere wa golo ndi mamita 11, ndipo pa bwalo lothamangirapo pali mamita 100 opimidwa kale. Tengani lisiti, ndipo funsani amene adzacikonza cikafa.

Mau otsiriza

Copimira mtunda sicipereka cilolezo ca kusaka. Lamulo la nyama za m'thengo la caka ca 2015 liri m'manja mwa Department of National Parks and Wildlife. M'nkhalango zosungidwa monga South Luangwa ndi Kafue kusaka nkoletsedwa. M'madera ozungulira, monga Lupande ndi Mumbwa, munthu asaka ndi laisensi yochula nyama zimene waloledwa, ndipo mfuti nayo ikhale ndi laisensi yace. Wolasa nyama yoopsa monga njati, nimthawa, ayenera kukanena msanga kwa oyang'anira nyama, pakuti njati yolasidwa siisankha. Ipha mai wokatunga madzi amene sanaombere konse.

Ndiponso copimira sicipima mphepo, sicigwira mfuti, sicicotsa kunjenjemera kwa dzanja. Nchito yace yaikuru, monga ndaonera ine, ndiyo kuuza mlenje kuti, “Apa mpatali, usaombere.” Tsiku lija pa dambo, cikadandionetsa 260, ndikadatsitsa mfuti ndi kukwawa cokwawa kutsata mphepo kufikira mamita 100. Kuona maso a nkhono nkudekha. Cotero gulani copimira cimene cinena zoona pa nyama, pa mtunda umene inu mukhoza kulasa, ndipo ndalama zotsalazo mugule zipolopolo zophunzirira pa candamale.

Amene muli ndi mafunso tilembereni kuno ku nyumba ya wailesi, ndipo tidzayankha m'nkhani yotsatira.