Boma Likagula Makina, Mfungulo Ikhale kwa Yani?



Mlimi aliyense wa kuno akukumbukira dzinja la 1920 kapena la 1950 kupyolera m'nkhani za agogo ake, koma dzinja la 2020 adaliona ndi maso ake. M'chaka chimenecho Boma lidayamba ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP, thumba la feteleza lili pa K4,495, ndipo lidalamula kuti mlimi asanagule aonetse chiphaso chake cha unzika kuti makina achiwerenge. Cholinga chinali chabwino, pakuti makuponi a mapepala a zaka za m'mbuyo ankabedwa ndi kugulitsidwa. Koma m'misika yambiri alimi ankafika mbandakucha, feteleza ali m'nyumba yosungiramo, ndalama zili m'thumba, wogulitsa ali pampando wake, ndipo yankho linali limodzi lokha: netiweki palibe. Ena adagona pamsika masiku angapo mvula itagwa kale. Panthawi imeneyo m'pamene anthu a kumudzi adazindikira kuti makina a kompyuta amene Boma limagula ku Lilongwe ali ndi mphamvu pa munda wa munthu wa kwa Kabudula.

Nkhani ya lero ndi ya mmene Boma limagulira makina otere pamodzi ndi ntchito zoyendera makinawo, ndiponso malo amene eni mabizinesi ang'onoang'ono a m'Malawi muno ayenera kukhala nao pa malonda amenewa.

Kugula pulogalamu ya kompyuta n'kosiyana ndi kugula simenti kapena mipando ya m'kalasi. Wogulitsa simenti akatsitsa matumba ake n'kulandira cheke, ubale wake ndi Boma wathera pomwepo. Wogulitsa pulogalamu sachoka. Iye ndiye amadziwa mmene idalukidwira m'kati, ndiye amasunga mau achinsinsi otsegulira zipinda zake zakuya, ndiye amaitanidwa ikadwala, ndipo kawirikawiri chaka ndi chaka amalandiranso ndalama za chilolezo choti ipitirire kugwira ntchito. Boma likhoza kulipira mtengo wonse wa nyumba, koma mfungulo n'kutsala m'thumba la mmisiri.

Dziko lino lidaphunzira zimenezi mowawa. Mu 2013 kudaululika kuba kwa ndalama za Boma kumene kudatchuka ndi dzina lakuti Cashgate. Akuba adalowa m'makina olipirira a IFMIS, n'kulemba macheke kwa makampani amene sadagulitse kanthu kalikonse ku Boma, kenaka n'kufufuta mapazi ao m'makinamo. Akatswiri owerengera ndalama a Baker Tilly adapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidatuluka m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira April mpaka September, ndipo maiko othandiza adaimitsa thandizo lao la bajeti.

Nkhani ya mapasipoti ndiyo ifunika kuimvetsa bwino, chifukwa ili ndi mbali zonse za mutu uno. Mu 2019 Boma lidachita mgwirizano wa madola 60.8 miliyoni ndi kampani yakunja ya Techno Brain kuti ikonze makina atsopano opangira ziphaso zoyendera. Kumapeto kwa 2021 Loya Wamkulu wa Boma, a Thabo Chakaka Nyirenda, adathetsa mgwirizanowo akunena kuti sudayende motsata malamulo ndipo udali wodyera dziko masuku pamutu. Mgwirizano udatha papepala, koma makina anali omwewo. Kuchiyambi kwa 2024 makinawo adaima, ndipo kwa masabata angapo Malawi sadathe kusindikiza pasipoti ngakhale imodzi. Odwala ofuna chithandizo kunja, ophunzira, amalonda a ku Johannesburg ndi ku Dar es Salaam, onse adangoti kakasi. Mu February chaka chomwecho Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Dr Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti adalanda makinawo ndipo akufuna dipo, limene Boma silidzalipira. Ena adakayika mau amenewa, akunena kuti gwero la vuto linali mkangano wa pakati pa Boma ndi amene adapanga makinawo. Zoona zake zikhale zilizonse, mfundo ndi imodzi: nthambi ya Boma yoona za olowa ndi otuluka m'dziko idalibe njira yotsegulira makina ake omwe.

Pamenepo m'pamene Boma lidatembenukira kwa kampani ya Amalawi ya E-Tech Systems kuti ithandize mongogwirizira. Kusindikiza kudayambiranso, ngakhale kuti mizere ya anthu ku ofesi ya ku Lilongwe idakhala yaitali kwa miyezi yambiri, ndipo mu 2025 ntchitoyo idaperekedwa kwa kampani ina yakunja, Madras Security Printers ya ku India. Onani dongosolo lake. Pa nthawi ya mtendere, pamene pali ndalama ndi mpata wokonzekera, ntchito ikupita kutali. Nyumba ikayaka moto, woitanidwa ndi wa pafupi, ndipo akuyembekezeka kuzimitsa motowo ndi chikho cha madzi, anthu onse akumuyang'ana ndi kumuweruza. Kuyesa mmisiri mwa njira yotere sikungaonetse mphamvu zake zenizeni.

Sikuti lamulo lidakhala chete. Lamulo la kagulidwe ka katundu wa Boma la 2003 lidakhazikitsa ofesi ya ODPP. La 2017 lidaika bungwe la PPDA m'malo mwake, ndipo lidanena kuti pa mpikisano wa malonda a m'dziko muno magawo 60 pa 100 alionse aziganizira Amalawi enieni. Kumapeto kwa 2020 kudatuluka lamulo lina lapadera lopatulira mabizinesi ang'onoang'ono ndi apakati ntchito zina za Boma, ndi kuwachepetsera zina mwa zofunika pa mpikisano. Ngakhale ndondomeko ya Buy Malawi ya 2016 idanena zomwezo. Mapepala alipo okwanira. Chimene chimasowa ndi dzanja la wogwira ntchito m'Boma amene amalemba chikalata choitanira malonda, chifukwa m'chikalata chimenecho ndi mmene wamng'ono amalowera kapena kutsekeredwa kunja, mpikisano usanayambe n'komwe.

Kodi wamng'onoyo angathe chiyani? Yankho lili pafupi ndi pano. Mu 2008, pa chipatala cha St Gabriel ku Namitete, wophunzira wina wa ku Stanford ku America, Josh Nesbit, adabwera ndi kompyuta imodzi ya m'manja, mafoni akale otsika mtengo, ndi pulogalamu yaulere ya FrontlineSMS. Anthu odzipereka osamalira odwala m'midzi, amene kale ankayenda mitunda yaitali wapansi kapena panjinga kukanena ku chipatala kuti wodwala wakutiwakuti wafooka, adayamba kutumiza uthenga wapafoni, ndipo namwino ankadziwa mudzi woyenera kupitako tsiku limenelo. Ntchito imene idabadwira ku Namitete idakula n'kukhala bungwe la Medic Mobile, limene lagwira ntchito m'maiko ambiri a mu Africa ndi ku Asia. Ku Lilongwe nakonso, kuyambira 2001, a Baobab Health adaika pa chipatala cha Kamuzu Central makina olembera odwala pongokhudza galasi ndi chala, opangidwa kuti azidya magetsi ochepa ndi kupirira magetsi akazima, ndipo m'kupita kwa zaka Amalawi ndiwo ankalemba mapulogalamu ake. Mabungwe awiriwa sanali makampani a malonda, koma adaonetsa kuti kagulu kochepa ka anthu odziwa malo, odziwa fumbi, kutentha ndi kuzimazima kwa magetsi, kakhoza kupanga chinthu cholimba kuposa chokongola chochokera kutali. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuyambira 2017 ntchito ya Digital Malawi, imene idalandira madola 72.4 miliyoni kuchokera ku World Bank, idalumikiza maofesi, masukulu ndi zipatala zambiri za Boma ku intaneti, ndipo idaphunzitsa achinyamata kupyolera m'malo ngati mHub ku Lilongwe ndi Mzuzu E-Hub kumpoto. Achinyamata amenewa alipo. Ena ali pa misika yomwe ino, m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, akukonza mafoni, kuika masola, kusindikiza makalata ndi kutumiza ndalama. Koma kompyuta ya pa sukulu ya sekondale ya kumudzi ikafa, kapena makina a pa chipatala chaching'ono akaleka kulumikizana ndi likulu, mphunzitsi wamkulu amalemba kalata, kalata imapita ku boma, a ku boma amadikira galimoto ndi mafuta, ndipo mmisiri akafika patapita miyezi itatu amapeza kuti vuto linali nthambo imodzi yodyedwa ndi khoswe. Mnyamata wa pamsika akadaikonza tsiku lomwelo, akadakhala kuti ali m'kaundula wa Boma.

Palibe amene akunena kuti mnyamata ameneyu apatsidwe ntchito yosindikiza mapasipoti a dziko. Koma ntchito yaikulu iliyonse ili ndi timagawo tating'ono: kuyala nthambo, kuika ndi kusamalira makina, kuphunzitsa makalaliki, kulowetsa maina m'kaundula, kukonza zoonongeka. Wolemba chikalata akamanga zonsezi mtolo umodzi, n'kunena kuti wopikisana akhale atagwirapo ntchito zitatu za mabiliyoni ndiponso akhale ndi chikole chachikulu cha ku banki, ndiye kuti watsekera kunja Mmalawi wamng'ono aliyense popanda kuphwanya lamulo lililonse. Akaugawa mtolowo m'zigawo, boma ndi boma kapena dera ndi dera, ambiri amalowa. Kugawa kotere n'kosiyana ndi kuduladula ntchito mwachinyengo pofuna kuzemba mpikisano, kumene lamulo limaletsa, ndipo mkulu aliyense wa komiti yogula katundu amadziwa kusiyana kwake ngakhale atanamizira kusadziwa.

Chopha mabizinesi ang'onoang'ono chachikulu ndi kuchedwa kwa malipiro. Boma lakhala ndi ngongole zambiri kwa amalonda, mpaka nthawi zina kuwalipira ndi zikalata zolonjeza m'malo mwa ndalama. Kampani yaikulu imapirira, chifukwa ili ndi banki yoidalira. Wamng'ono amakhala atakongola kwa katapila kapena kugulitsa ng'ombe za atate ake. Pa malonda a makina vutoli limakula kawiri, pakuti makompyuta ndi zipangizo zake zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Mu May 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100. Mu November 2023 idatsitsidwanso ndi magawo 44 pa 100, ndipo dola imene inali pafupifupi K1,180 idafika pa K1,700 usiku umodzi. Munthu amene adapereka makompyuta khumi mu September n'kulipidwa mu January pa mtengo wakale, ndalama zake sizikadagulanso makompyuta khumi. Fayilo yake idangokhala pa tebulo la munthu wina kudikira siginecha, ndipo mwina munthuyo sadadziwe n'komwe kuti wagwetsa bizinesi.

Mbali inayi nayo isabisidwe. Makampani amene adadya ndalama za Cashgate sanali akunja. Ambiri anali a Amalawi, a m'chikwama, opanda ofesi, opanda wantchito, okhala ndi chiphaso cha kaundula ndi akaunti ya ku banki basi. Lamulo lokondera mabizinesi ang'onoang'ono likhoza kusanduka khomo la mlamu wa bwana, amene amapambana mpikisano pa makotesheni atatu olembedwa ndi dzanja limodzi, kenaka n'kugulitsa ntchitoyo kwa wakunja yemwe uja n'kudyapo pakati. Atsogoleri a ndale m'madera ali ndi udindo pano, chifukwa nthawi zambiri foni yopempha kuti wakutiwakuti aganiziridwe imachokera kwa iwo. Mmisiri weniweni amadziwika ndi ntchito imene adaigwira, ndipo komiti ikhoza kupita kukaiona ndi maso.

Tsono kaya wopambana ndi wamkulu wa ku India kapena wamng'ono wa ku Nsaru, pali mau amene sayenera kusowa m'mgwirizano. Maina, zithunzi ndi zidindo za zala za anthu ndi chuma cha Boma. Mau achinsinsi otsegulira makina asungidwe ndi akuluakulu a Boma odziwika maina, ndipo aliyense wolowa m'makina asiye mapazi osafufutika. Zolembedwa zimene pulogalamu idalukidwa nazo ziperekedwe ku Boma kapena zisungidwe pamalo pamene Boma lingazitenge mgwirizano ukatha. Wogulitsa aphunzitse antchito a Boma ndi amisiri a m'deralo, ndipo gawo lomaliza la malipiro ake lidikire mpaka ophunzitsidwawo ataonetsa kuti akhoza kuyendetsa makinawo iye palibe. Kampani yakunja ikapambana ntchito yaikulu, mgwirizano utchule ntchito zimene idzapereke kwa makampani a kuno, ndi mtengo wake.

Kwa achinyamata a luso amene ali m'madera ano, khomo lolowera ndi lodziwika: kulembetsa bizinesi m'kaundula wa Boma, kutenga nambala ya msonkho ndi chiphaso chake ku MRA, kulembetsa ku PPDA, ndi kutsegula akaunti ya bizinesi ku banki. Mmodzi payekha zimenezi zimamulemera, koma asanu a pa Msundwe, Mpingu ndi Namitete atapanga kampani imodzi akhoza kuzisenza. Mafumu ndi makomiti a chitukuko a m'madera amawadziwa achinyamata amenewa ndi maina ao, ndipo khonsolo ya boma la Lilongwe ikamakonza bajeti yake ya chaka chamawa, funso loyenera kufunsidwa pa msonkhano ndi lakuti makina amene ali kale m'masukulu ndi m'zipatala za kuno adzawasamalira ndani, akuchokera kuti, ndipo adzalipidwa pakatha masiku angati.