Cilango ca Woyendetsa Galimoto Wogwidwa Kaciwiri Ataledzera

Mkuwa wa ku migodi ya ku Chingola, Kitwe ndi Mufulira ufika kunyanja yaikuru pa malole. Ena alunjika ku Dar es Salaam, koma ena atsikira kumwera, kudzera ku Chirundu ndi Beitbridge kapena pa mlatho wa Kazungula umene unatsegulidwa m'caka ca 2021, kufikira ku dooko la Durban. Dalaivala akangooloka mtsinje wa Limpopo, malamulo a kwao atsalira kutsidya, ndipo ngati alakwa pa mseu adzaweruzidwa monga mwa malamulo a dziko la South Africa. Cifukwa cace nkoyenera kuti iye ndi a pabanja pace adziwe cimene malamulowo anena za mowa.

Lamulo lace ndilo National Road Traffic Act la caka ca 1996. Linena kuti munthu wamba asayendetse galimoto ngati mowa wa m'mwazi mwace wafika magalamu 0.05 pa mamililita 100 a mwazi. Kwa iye amene kuyendetsa ndiyo nchito yace, monga wa lole kapena wa basi, malire ace ndi 0.02 cabe, muyeso waung'ono kotero kuti botolo limodzi likhoza kumpititsa pamwamba pace. Ndiponso sikofunika kuti galimoto ikhale ikuyenda. Munthu wokhala pa mpando wa dalaivala injini irikulira, ngakhale lole yaima pambali pa mseu, ali ndi mlandu womwewo. Kukana kuti amtenge mwazi kapena kuti auzire mpweya m'makina a apolisi ndi mlandu winanso.

Wopezeka wolakwa alipitsidwa ndarama, kapena aikidwa m'ndende nthawi yosapitirira zaka 6. Koma cilango cimene ciluma zedi ciri pa laisensi. Pa mlandu woyamba bwalo liimitsa laisensi miyezi yosacepera 6. Pa mlandu waciwiri liimitsa zaka zosacepera 5, ndipo pa wacitatu zaka zosacepera 10. Woweruza akhoza kufupikitsa nthawiyo pokhapo wolakwayo atalumbira ndi kufotokoza zifukwa zomveka zokhudza mlanduwo.

Kulumpha kocokera pa miyezi 6 kufika pa zaka 5 nkwakukuru, ndipo opanga lamulo anacita dala. Woyamba kugwidwa akhoza kunena kuti sanadziwe mphamvu ya cimene anamwa, ndipo mwina anena zoona. Koma amene anaimapo kale pamaso pa woweruza, namva cenjezo ndi makutu ace, nabwereranso ku cikho asanagwire ciwongolero, alibe ponamizira. Miyezi 6 banja likhoza kupirira mwa kukongola ndi kugulitsa tomato pa msika. Zaka 5 ziri zina. Mwana amene anali mu giredi 3 adzakhala atatsiriza sukulu ya pulaimale atate ace asanabwerere pa mseu, ndipo nkovuta kuti mwini malole asunge malo a munthu nthawi yonseyo. Ena ati cilango cotere cilanga mkazi ndi ana osalakwa. Mau awo ali ndi nzeru, koma lole yodzaza mkuwa ilemera matani oposa 30, ndipo woyenda pansi amene ikamgunda nayenso ali ndi mkazi ndi ana.

Ku Britain, kumene makina oyesera mpweya anayamba kugwira nchito pa mseu m'caka ca 1967 m'nthawi ya nduna Barbara Castle, wolakwa koyamba aletsedwa kuyendetsa caka cimodzi, ndipo wolakwanso zisanathe zaka 10 aletsedwa zaka 3. Nthawiyo ikatha sangolandira laisensi yace: ayamba waonekera kwa dotolo wa boma kuti amuyese ngati mowa sunamgwire ukapolo.

Ena agwidwa m'mawa, osati usiku. Ciwindi cicotsa mowa m'mwazi pang'onopang'ono, monga kapu imodzi yaing'ono pa ora, ndipo kofi, madzi ozizira kapena nsima yambiri sizifulumizitsa nchito imeneyi. Dalaivala amene wacezera botolo kufikira pakati pa usiku poyembekezera mapepala ace pa Beitbridge, nadzuka mbandakuca kuti aoloke, akhoza kumva mutu uli bwino, koma pofika pa cipata ca apolisi ku Musina mwazi wace ukali pamwamba pa 0.02.