Udokotala wa ku UK: ulendo wake ndi wotani?



Ambirife talemba MSCE posachedwapa, ndipo tikamacheza za tsogolo pamakhala wina wonena kuti, "Ine ndidzakhala dokotala, kenako ulendo wa ku UK." Maloto abwino ndithu. Koma walira mvula walira matope, ndiye tiyeni tiwaone matopewo.

Choyamba, digiri si chilolezo. Munthu akamaliza MBBS ku KUHeS ku Blantyre n'kuchita internship, amalembetsa ku Medical Council of Malawi. Chilolezo chimenecho n'chogwirira ntchito kuno. Akafika ku Britain saloledwa kuona wodwala ngati dokotala mpaka bungwe la General Medical Council, mwachidule GMC, litamulemba m'kaundula wake.

Ndiye GMC imafuna chiyani? Imatsimikiza kuti mapepala ako ndi enieni. Kenako Chingerezi. Ambiri amalemba IELTS, ndipo pamafunika 7.5, osatsika 7 pa gawo lililonse. Ena amalemba OET n'kupeza B. Ukadutsa apo, pali mayeso a PLAB. PLAB 1 ndi mafunso 180 m'maola atatu. PLAB 2 imachitikira ku Manchester: umadutsa m'zipinda 16, chilichonse mphindi 8, ndipo m'menemo umakumana ndi anthu ochita sewero ngati odwala. Oyesa amaona mmene ukufunsira, mmene ukumvetsera ndi mmene ukufotokozera. Ndalama za mayeso, viza, ndege ndi pogona, zonsezo n'za m'thumba mwako.

Mwina mukuti apa zatheka. Ayi, sizinathe. Wakhala dokotala wovomerezeka, koma sunakhale GP, dokotala uja amene banja limayambira kwa iye likadwala. Uyenera kupikisana ndi anzako kuti upeze malo a maphunziro a GP. Maphunzirowo ndi a zaka zitatu, mbali ina m'chipatala chachikulu, mbali ina pakiliniki ya m'dera. Ukakhoza mayeso a MRCGP, m'pamene dzina lako limalowa mu GP Register.

N'chifukwa chiyani amavutitsa chonchi munthu wophunzira kale? Chifukwa ntchito yake ndi ina. Kuno dokotala amazolowera malungo, TB ndi amayi oyembekezera. Kumeneko GP amaona kwambiri okalamba odwala shuga, BP ndi mtima nthawi imodzi, komanso matenda a maganizo. Ayeneranso kudziwa kayendetsedwe ka NHS, monga wodwala woti amutumize kwa katswiri ndi woti amuthandize yekha.

Ife titolepo chiyani? Ulendowu ukuyambira pa Biology, Chemistry, Physics, Masamu ndi Chingerezi cha lero lomwe. Amene mukubwereza Fomu 4 musachite manyazi, limbikirani. Chachiwiri, wina akakuuzani pa WhatsApp kapena pa Facebook kuti mumulipire akupezereni chilolezo mwachidule, thawani, ameneyo ndi wakuba. Malamulo amasintha, choncho muziwerenga nokha patsamba la GMC.

Pomaliza, udokotala wa mabanja uliponso kwathu kuno. KUHeS imaphunzitsa Family Medicine, ndipo ophunzira ake amaphunzirira ntchito pachipatala cha boma cha Mangochi. Kupita kunja si tchimo, koma tizisankha tikudziwa mtengo wake, tikukumbukiranso mizere ya odwala m'zipatala zathu.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, anzanga.