Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potsegulira Chionetsero cha Sayansi ya Zinyalala



Ndiyambe ndi chidulo. Amayi athu akamasefa phulusa kuti aphikire therere, amakhala akutulutsa mchere wa potaziyamu. Mchere womwewo umathandiza moto. Yandikizani machesi ku chibulumwa cha shuga: chimangosungunuka. Chipakeni phulusa pang'ono, muona chikugwira moto. Phulusalo silinapse, langofewetsa ntchito. Akatswiri amati catalyst, ndipo ndi zimene ana athu akuyesa pano, kuthira mchere wa potaziyamu, kashiyamu, ayironi kapena manganizi pa zinyalala kuti ziyake msanga, zipse mpaka kutha, utsi uchepe.

Koma ndikuchenjezeni. Kopa ndi mnzake wa moto, koma ndi mdani wa mapapo. Akakumana ndi klorini wa m'mapulasitiki a PVC, utsi ukamazizira, amathandiza kupanga ma dioxin, poizoni amene Pangano la Stockholm la 2001 linalamula kuti achepetsedwe. N'chifukwa chake ku Ulaya lamulo limati mpweya wa m'ng'anjo ufike madigiri 850 kwa masekondi awiri osachepera. Potaziyamu nayenso akachuluka, phulusa limasungunuka n'kumamatira m'ng'anjo, mapaipi n'kudyeka.

Ndiye pali vuto lathulathu. Zimene magalimoto amakataya ku Mzedi ku Blantyre kapena ku Area 38 ku Lilongwe, zambiri ndi makoko a nthochi, masamba ovunda, nsima yotsala. Zonyowa! Ngakhale muthire mchere wokwera mtengo bwanji, madzi sayaka. Addis Ababa idatsegula fakitale ya Reppie mu 2018, yopanga magetsi powotcha zinyalala, pamalo a dzala la Koshe pomwe mulu udagumuka mu 2017 n'kupha anthu oposa 100. Ife tisanalote fakitale yotere, tiyambe taphunzira kupatula: zovunda zikhale manyowa, mabatire ndi mawaya a kopa apite kwawo, zouma zokha ndizo zione moto.

Inu ophunzira, musangoyeza kuti moto wakula bwanji. Yezaninso zimene zatuluka mu utsi. Inu a khonsolo, ana awa apatseni zinyalala zenizeni za mumsika kuti ayeserepo, osati mapepala oyera a muofesi.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti chionetserochi chatsegulidwa.