Njovu ndi chinsinsi cha khansa

Lero mu pulogalamu yathu ya zachilengedwe tikamba za njovu, nyama yomwe timaiona ku Liwonde, Majete ndi Kasungu. Njovu yamphongo imatha kulemera makilogalamu 6,000 n'kukhala ndi moyo zaka 60. Thupi lalikulu chonchi lili ndi maselo ochuluka zedi, ndipo selo lililonse likhoza kuyambitsa khansa. Komatu njovu zodwala khansa n'zochepa kwambiri. Nanga chinsinsi chake n'chiyani?

Yankho lili m'majini, malangizo achibadwa amene amayendetsa selo. Akatswiri amagawa majini okhudzana ndi khansa m'magulu atatu potengera ntchito yawo. Taganizani za njinga ya kabaza. Gulu loyamba ndi lopalasa: majini monga RAS ndi MYC amauza selo kuti likule n'kugawikana. Akasokonekera, amangopalasa osalekeza, chotupa n'kuyamba. Gulu lachiwiri ndi mabuleki, monga TP53 ndi RB1. Amenewa amaimitsa selo lowonongeka, ndipo TP53 amatha kulilamula kuti life. Gulu lachitatu ndi amakaniko okonza DNA ikaduka, monga BRCA1 ndi BRCA2. Mayi wobadwa ndi vuto m'majini awiriwa amakhala pachiopsezo chachikulu cha khansa ya m'mawere.

Mphamvu ya njovu ili pa mabuleki. Munthu amalandira TP53 mmodzi kwa mayi ndi wina kwa bambo, basi. Njovu ili ndi makope pafupifupi 20 a jini ameneyu. Mu 2015, Joshua Schiffman ndi anzake ku Utah, m'dziko la America, anapeza kuti maselo a njovu akawonongeka amafa msanga, asanasanduke chotupa.

Omvera, ife anthu mabuleki athu ndi ochepa, n'chifukwa chake tiyenera kuwasamala. Kachirombo ka HPV kamapanga puloteni yomwe imaphwanya chitetezo chochokera kwa TP53, ndipo umu ndi momwe kamayambitsira khansa ya khomo la chiberekero, imene ikutimaliza amayi ambiri kuno ku Malawi. Utsi wa fodya nawonso umawononga jini yemweyu m'mapapo.

Choncho makolo, atsikana a zaka 9 mpaka 14 alandire katemera wa HPV. Amayi, pitani kuchipatala mukayezetse khomo la chiberekero musanamve kupweteka kulikonse. Abambo osuta, lekani fodya.